Malipiro a mphunzitsi ali kumwamba, nanga ngongole yake ili kuti?

Pali mawu amene aliyense wophunzira zauphunzitsi anawamvapo, kaya kwa amalume ake, kaya kwa mkulu wa mpingo, kaya kwa mphunzitsi amene anamuphunzitsa ku Folomu 4. Mawuwo ndi akuti malipiro a mphunzitsi ali kumwamba. Ena amawanena moseka, ena molimbikitsa, ndipo ena amawanena n'cholinga choti nkhani ya ndalama ithere pomwepo. Ine sinditsutsa kuti ilipo mphotho imene munthu salandirira pansi pano. Koma mwini nyumba wa ku Ndirande amafuna lendi yake mwezi ukatha, kondakitala wa minibasi ya ku Machinjiri amafuna yake musanatsike, ndipo ngongole imene ambiri a ife tikuphunzirira ili ndi nthawi yake yobwezera, yolembedwa pa pepala limene tinasainira ndi dzanja lathu.

Mfundo yanga ndi iyi. Mnyamata kapena mtsikana amene akukongola ndalama kuti aphunzire zauphunzitsi ayenera kudziwiratu zinthu zitatu: adzadikira nthawi yotalika bwanji asanalembedwe ntchito, adzalandira zingati akalembedwa, ndipo ngongoleyo idzamutengera zaka zingati kuti aimalize. Komanso ndondomeko yobwezera iyenera kuyang'ana m'thumba mwa mphunzitsiyo, chifukwa kalendala payokha sidziwa ngati munthu wayamba kulandira. Sindikulemba izi kuti ndifooketse mnzanga aliyense. Ndikuphunzira zauphunzitsi mwa kufuna kwanga, ndipo ndikufuna kuti ntchitoyi ikhale yoti munthu n'kukalambirapo osachita manyazi pamaso pa ana ake.

Ngongole imene tikuphunzirira

Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo limene linakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene ambiri timangoti Loans Board. Bungweli limakongoza ophunzira osowa a m'sukulu zaukachenjede zovomerezeka, zaboma ndi zomwe si zaboma, komanso limatolera ngongole kwa amene anamaliza maphunziro, kuphatikizapo amene anakongola kale ilo lisanabadwe. Ife a m'makoleji a mipingo tili ndi chifukwa choyamikira, pakuti kale ngongole zoterezi zinkapita kwa ophunzira a m'mayunivesite a boma okha. Mwana wa mayi wogulitsa tomato mumsika wa Bangwe amene sanapeze malo ku Zomba kapena ku Mzuzu lero ali ndi khomo lina logogoda.

Ngongoleyi imakhwima pakapita zaka ziwiri munthu atamaliza maphunziro. Lamulo limapatsa olemba ntchito udindo wodula ndalama pa malipiro a wokongolayo n'kuzitumiza ku bungweli. Ndalama zobwezedwazo n'zimene zimathandiza kukongoza ophunzira atsopano. Zonsezi n'zomveka ndipo n'zachilungamo pa pepala. Pamene pali minga ndi apa: zaka ziwirizo zimayamba kuwerengedwa munthu akamaliza sukulu, kaya wapeza ntchito kaya sanaipeze.

Kwa wophunzira zowerengera ndalama kapena zamalonda, makomo ogogoda alipo angapo: mabanki, makampani a ku Limbe, ku Ginnery Corner ndi ku Makata, mabungwe omwe si aboma. Mphunzitsi wa sekondale ali ndi khomo limodzi lalikulu, lomwe ndi boma kudzera ku Teaching Service Commission, ndipo khomolo limatseguka pamene ndalama zolembera aphunzitsi zapezeka mu bajeti. Chaka chimene silinatseguke, omaliza a chaka chimenecho amangowonjezereka pa mzere wa omwe anamaliza chaka chatha. Pa mzere umenewo pali ochokera ku University of Malawi, ku Mzuzu University, ku Domasi, ku Nalikule, ku Catholic University, ku Livingstonia, ku Nkhoma ndi kuno kwathu, onse atanyamula mapepala ofanana.

Mbiri yathu ili ndi phunziro pa nkhaniyi. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulaimale, chiwerengero cha ana m'sukulu chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi anasowa, ndipo boma linalemba anthu masauzande ambiri osaphunzitsidwa ntchitoyo n'kumawaphunzitsa ali kale m'kalasi. Lero zinthu zinatembenuka. Makalasi akadali odzaza, koma aphunzitsi ophunzitsidwa bwino ali pakhomo. Tonse tikudziwa za magulu a IPTE amene anamaliza m'makoleji a aphunzitsi a pulaimale n'kudikira zaka asanatumizidwe kusukulu, ndipo ena mwa iwo, nthawi ya Covid-19, anangolembedwa ngati aphunzitsi othandizira kwa kanthawi. Choncho mukamva kuti dziko lino likusowa aphunzitsi, mumvetse bwino: chosowa kwenikweni ndi malo a ntchito okhala ndi malipiro. Anthu oti n'kudzaza malowo alipo kale, ndipo chaka chilichonse akuwonjezeka.

Zaka zodikira m'makwalala a Blantyre

Kodi womaliza digiri ya zauphunzitsi amatani m'zaka zodikirazo? Yendani ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri, mudzaona zikwangwani za sukulu za pulaiveti pafupifupi pa msewu uliwonse. Zina ndi sukulu zabwino ndithu, zokhala ndi labotale ndi laibulale, zolipira aphunzitsi pa nthawi yake. Zina ndi nyumba zogonamo kapena mashopu amene anagawidwa ndi mapulaiwudi. Kumeneko n'kumene anzathu ambiri amayambira.

M'sukulu zazing'ono zotere malipiro amadalira fizi imene makolo abweretsa. Makolo akachedwa, mphunzitsi amachedwanso kulandira. Kwina amalipira potengera mapiriyodi amene munthu waphunzitsa, ndiye mwezi wa tchuthi umadutsa wopanda kanthu, pamene lendi ilibe tchuthi. Kwina munthu amayamba ntchito pongogwirizana pakamwa, ngakhale kuti lamulo la zantchito la mu 2000 limafuna kuti wolemba ntchito apereke zolembedwa zofotokoza ntchito ndi malipiro. Lamulo la penshoni la mu 2011 linanena kuti wolemba ntchito aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ku thumba la penshoni, koma mphunzitsi wongoyamba kumene, podziwa kuti panja pali anzake khumi ofuna malo omwewo, amaopa kufunsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, inde, koma apa chimene chimatseka pakamwa ndi njala.

Njira zina zopezera ndalama yapadera zilipo. Pali makalasi a open school amene amachitika masana m'nyumba za sukulu zaboma, pali kuphunzitsa ana m'makomo madzulo, pali makalasi okonzekeretsa olemba mayeso a MSCE. Koma maola a open school kawirikawiri amayamba kugawidwa kwa aphunzitsi a pasukulu pomwepo, ndipo makalasi ambiri okonzekera mayeso amachitika Loweruka. Kwa ife osunga Sabata tsiku limenelo ndi lotsekeka. Sitidandaula nazo, tinasankha tokha, koma powerengera za m'tsogolo tisamadzinamize kuti tidzapeza zofanana ndi mnzathu amene amaphunzitsa masiku asanu ndi limodzi pa sabata.

Tsono zaka ziwiri zija zikamatha, munthu ali pa malipiro osakhazikika, ngongole imakhwima. Iye sanakane kubweza. Alibe pobwezera.

Amene mwayi wawagwera

Tiyerekeze kuti dzina latuluka, munthu walembedwa m'boma. Wa digiri amayambira pa giredi TI, wa dipuloma pa TJ. Pakhomo pamakhala chimwemwe, ndipo n'koyenera, chifukwa malipiro a boma amabwera mwezi uliwonse ngakhale pa tchuthi, ndipo ali ndi penshoni. Koma tiyeni tiwatsatire malipirowo kuchokera pa tsiku limene alowa mu akaunti.

Msonkho ndi penshoni zimachoka munthu asanaione ndalamayo. Wokhulupirika amapatula chakhumi ndi zopereka. Kenako lendi, chifukwa nyumba za aphunzitsi m'tauni muno n'zochepa, ndipo ndalama yapadera imene boma limapereka kwa aphunzitsi a kumidzi wa m'tauni salandira. Kenako mayendedwe: wokhala ku Machinjiri amene watumizidwa ku Bangwe amakwera minibasi ziwiri popita, kudzera ku Limbe, ndi ziwiri pobwerera, wa ku Chilomoni wophunzitsa ku Zingwangwa amayamba watsika m'tauni. Kenako mayunitsi a magetsi, madzi, makala, ufa ndi ndiwo. Zikatha izi pamabwera amene anadikira zaka zinayi: mng'ono amene ali ku Folomu 2, mayi amene anagulitsa mbuzi kuti tipeze ndalama yolembetsera, agogo ofuna feteleza kumudzi. M'mabanja ambiri a m'Blantyre muli ngakhale bala la namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anagwetsa nyumba ku Chilobwe, m'mphepete mwa phiri la Soche, ku Ndirande ndi madera ena. Banja limene likumanganso limayang'ana kwa mwana amene anavala gauni.

Pamwamba pa izi pali kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Wina wodziwa zachuma anganene kuti kugwa kwa kwacha kumapeputsa ngongole yakale, pakuti miliyoni ya lero ndi yopepuka kuposa miliyoni ya zaka zisanu zapitazo. Zimenezo zimathandiza munthu amene malipiro ake akukwera mofanana ndi mitengo ya zinthu. Mphunzitsi amene wogulitsa shuga, sopo ndi mafuta ophikira wamukwezera mitengo kawiri malipiro asanasinthe, amatsala ndi zochepa zobwezera ngongole iliyonse. Ndipo kugwa komweko kumadya thumba la Loans Board, chifukwa ndalama imene inaphunzitsa munthu mmodzi kale siingaphunzitsenso munthu mmodzi lero. Mu 2023 fizi ya m'mayunivesite a boma inakwera, ndipo makoleji a mipingo, amene amadalira fizi pa chilichonse, sangachitire mwina.

Apa m'pamene ngongole yachiwiri imalowera. Makampani okongoza antchito a boma amadziwa kuti malipiro a mphunzitsi ndi otsimikizika, ndipo amadula zawo ndalama isanafike kwa mwini wake. Zikathina kwambiri munthu amapita kwa wakatapila, amene amasunga khadi la ku banki n'kukatapa yekha mwezi ukatha. Mwa ngongole zonsezi, ya sukulu ndi imene ilibe munthu wobwera kudzagogoda pakhomo m'mamawa, choncho ndi imene imakankhidwira kumapeto. Umu ndi mmene munthu wabwinobwino, wophunzitsa ana kukhulupirika, amapezekera pa mndandanda wa osabweza.

Kukwezedwa pa ntchito nakonso sikubwera msanga. Bungwe la Teachers Union of Malawi lakhala likudandaula za aphunzitsi okhala pa giredi imodzi zaka zambiri, ndipo kunyanyala ntchito kwa mu 2021, pa nkhani ya ndalama ya chiopsezo cha Covid-19, kunaonetsa mmene aphunzitsi amadzionera kuti ndi oiwalika. Mnzathu wa digiri ina akhoza kuyamba ndi malipiro ochepa koma n'kukwera msanga posintha makampani. Makwerero a mphunzitsi ndi aafupi, ndipo amakwereka pang'onopang'ono.

Masamu osavuta

Tiyeni tichite masamu ndi manambala ongoyerekeza, aliyense adzaikepo ake. Munthu akakongola K600,000 chaka chilichonse kwa zaka zinayi, amatuluka ndi ngongole ya K2,400,000. Akamabweza K40,000 pa mwezi, osawerengera chiwongoladzanja, amamaliza m'miyezi 60, zomwe ndi zaka zisanu. Akamabweza K20,000, zimamutengera zaka khumi. Tsono tengani anthu awiri a ngongole yofananayo. Wina akulandira K800,000 pa kampani: K40,000 ndi 5 peresenti chabe ya malipiro ake. Wina akulandira K120,000 pa sukulu ya pulaiveti ya m'dera: K40,000 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye kuti lendi yonse kapena chakudya cha theka la mwezi. Ngongole ndi imodzi, koma kulemera kwake pamutu n'kosiyana kutalitali.

Masamu awa ndi a Sitandade 7, koma ndi angati a ife amene tinawachita tisanasaine? Pa nthawi yofunsira malo timauzidwa mapointi ofunika, fizi ya pa semesita ndi tsiku lotsegulira. Za zimene zimachitikira omaliza timangomva m'mphekesera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Digiri ndi chipatso chabwino, koma wogula ali ndi ufulu wochibanda n'kuona m'kati asanalipire.

Ndiye tisabweze?

Ayi. Ndikudziwa kuti m'mahositelo mumamveka mawu akuti ndalama ya boma ilibe mwini, ndipo akuluakulu ena amene anakongola kale, lero ali ndi magalimoto, sanabweze. N'zoona kuti osabweza alipo, mpaka bungweli linafika posindikiza maina awo m'nyuzipepala. Koma amene amavulala ndi kusabweza kwathu ndi mtsikana wa ku Ntopwa amene wakhoza bwino MSCE chaka chino, amene dzina lake silidzatuluka pa mndandanda wa olandira ngongole chifukwa thumba lauma. Ife aphunzitsi tidzakhala tikumuona mwana ameneyo m'kalasi mwathu tsiku lililonse, tikumuuza kuti alimbikire. Tingamulimbikitse bwanji kukwera pa makwerero amene ife tathyola? Ndiponso munthu amene anasaina lonjezo ayenera kulisunga, pokhala kuti dzina labwino ndi chuma chokhacho chimene mphunzitsi amayamba nacho ntchito.

Ena adzanena kuti uphunzitsi ndi maitanidwe, ndipo woitanidwa sawerengera ndalama. Ndikuwalemekeza akuluakulu amene amalankhula chomwechi, chifukwa ambiri a iwo anaphunzitsa m'sukulu za mishoni m'nthawi zovuta, ndipo ine ndinadutsa m'manja mwa anthu oterewa pa sekondale ya mpingo. Kuyambira pamene mishoni ya Malamulo inayamba ku Thyolo mu 1902, mpingo wathu wakula ndi sukulu, ndipo sukuluzo zinaima pa misana ya aphunzitsi odzipereka. Koma kudzipereka kumakoma pamene munthu wasankha yekha akudziwa chimene akusiya. Kubisira wachinyamata wa zaka 18 zoona zake za malipiro, kenako n'kudzamuuza ali ndi ngongole kuti apirire chifukwa ndi maitanidwe, kumabala mphunzitsi wokhumudwa. Mphunzitsi wokhumudwa amakhala m'kalasi thupi lokha, mtima uli ku kabaza yake kapena ku belo la kaunjika, ndipo amene amalipira ndi ana.

Zimene ndikupempha

Choyamba ndi manambala. Ku America, kuyambira mu 2015, boma limasindikiza pa intaneti ndondomeko yotchedwa College Scorecard, imene imaonetsa ngongole imene omaliza pa koleji iliyonse amatuluka nayo ndi ndalama zimene amalandira, ndipo kuyambira mu 2019 imaonetsa izi potengera maphunziro amene munthu anachita. Wofuna kuphunzira zauphunzitsi kumeneko akhoza kufananiza makoleji asanasankhe. Ife sitikusowa makina odula kuti tiyambe. Koleji iliyonse ili ndi manambala a foni a omaliza ake, ndipo gulu lililonse lomaliza lili ndi gulu la pa WhatsApp. Chaka chilichonse koleji ifunse amene anamaliza zaka ziwiri ndi zaka zisanu zapitazo: kodi muli pa ntchito? Ya boma, ya mpingo, ya pulaiveti kapena ina? Munadikira miyezi ingati? Malipiro anu ali pakati pa zingati ndi zingati? Mwayamba kubweza ngongole? Mayankhowo, opanda maina, aikidwe pamodzi ndi fizi m'kabuku kofotokoza za maphunziro. Bungwe la National Council for Higher Education, limene limavomereza maphunziro a m'makoleji, likhoza kulamula kuti makoleji onse azichita chimodzimodzi, kuti wonena zoona asaluze ophunzira kwa wobisa. Koleji ya mpingo, imene imaphunzitsa kuti choonadi sichiopsa, ndi yoyenera kutsogola.

Chachiwiri, kubweza kuyendere malipiro. Dziko la Australia linayamba mu 1989 ndondomeko imene womaliza amabweza ngongole ya sukulu kudzera ku msonkho, ndipo amayamba pokhapokha malipiro ake akafika pa mlingo woikika. Ku England munthu amabweza 9 peresenti ya ndalama zimene zapitirira mlingo wotere, ndipo amene sanaufike sadulidwa kanthu. Mayiko amenewa ndi olemera ndipo anthu ambiri kumeneko ali pa ntchito zolembedwa, choncho sitingakopere zonse. Koma nzeru yake ikugwira ntchito ngakhale kuno: wopeza zambiri abweze msanga, wopeza zochepa abweze pang'ono, ndipo amene akudikirabe ntchito alembetse ku bungweli chaka chilichonse kuti akadali pa mzere, asawerengedwe pamodzi ndi othawa. Pa aphunzitsi izi n'zosavuta, chifukwa amene amatikongoza ndi amene amatilemba ntchito ndi boma limodzi lomwelo. Dzanja lamanja lisamafune ndalama kwa munthu amene dzanja lamanzere silinamutsegulire khomo.

Chachitatu, utumiki uchepetse ngongole. Ku America komweko mphunzitsi amene waphunzitsa zaka zisanu zotsatizana pa sukulu ya ana ochokera m'mabanja osauka amakhululukidwa gawo la ngongole yake, mpaka madola 17,500 kwa ophunzitsa masamu, sayansi ndi ana olumala. Kuno kwathu sukulu za CDSS, zimene zinabadwa kuchokera ku sukulu zakale za MCDE kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, n'zimene zimalandira ana ambiri a anthu wamba, ndipo n'zimene zimavutika kusunga aphunzitsi a masamu, fizikisi ndi kemisitiri. Boma litanena kuti chaka chilichonse chimene mphunzitsi wa digiri wakhala pa CDSS ya kumudzi kapena ya m'dera lothithikana chichotsa gawo la ngongole yake, lingapeze aphunzitsi okhazikika pa mtengo wochepa. Ndalama yokhululukidwayo Unduna wa Zamaphunziro uziibwezera ku thumba la Loans Board kuti ophunzira atsopano asaluze. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amatchula kutukula luso la anthu ngati chimodzi mwa zinthu zothandiza kuti masomphenyawo akwaniritsidwe. Luso limenelo limayambira pa bolodi ndi choko.

Chachinayi chikupita kwa abale ndi alongo mu mpingo amene muli ndi sukulu zanu kapena mumakhala m'makomiti oyendetsa sukulu. Mukalemba mphunzitsi wachinyamata, mupatseni kalata yonena malipiro ake. Mulipireni ngakhale mwezi wa tchuthi, pogawa fizi ya matemu atatu m'miyezi 12. Muikireni penshoni monga lamulo likunenera. Mufunseni ngati ali ndi ngongole ya sukulu, ndipo mugwirizane naye zodula pang'ono mwezi uliwonse n'kutumizadi kumene ikuyenera kupita. Ngati sukulu siingakwanitse izi, mwina fizi yake kapena chiwerengero cha aphunzitsi ake chiyenera kuonedwanso. Makolo a ku Zingwangwa ndi ku Chilomoni amene amasankha sukulu ya Mkhristu amayembekezera kuti ngakhale m'buku la malipiro muli chilungamo.

Chachisanu ndi chathu, anzanga ophunzira. Safunsa anadya phula. Sungani kope la pepala lililonse la ngongole limene mwasaina, ndipo lembani m'buku ndalama zonse zimene zaperekedwa m'dzina lanu chaka ndi chaka, kuti tsiku lomaliza mudzadziwe chiwerengero chenicheni. Kongolani zimene zikufunika basi. Foni yatsopano yogulidwa ndi ndalama ya ngongole idzakhala itafa kale inu mukuibwezabe. Funsani amene anamaliza zaka zitatu zapitazo kuti akukhala bwanji, ndipo afunseni mwaulemu koma mosazungulira. Posankha maphunziro oti mudzaphunzitse, yang'anani kumene kukusoweka anthu. Mukamaliza, lembetsani ku Teachers Council of Malawi msanga kuti mapepala asadzakuchedwetseni pamene mwayi watuluka. Mukayamba kulandira, ngakhale zochepa, lowani SACCO kapena banki mkhonde yodalirika musanafike posowa, chifukwa munthu wopanda kumene wasunga ndi amene amathera kwa wakatapila. Ndipo musadikire kuti Loans Board ikusakeni. Pitani nokha, nenani mmene zinthu zilili, yambani ndi zochepa zimene mungathe.

Kwa makolo, pempho langa n'lakuti mwana wanu akavala gauni mumupatse mpata wopuma. Tsiku la chikondwerero si tsiku la malipiro oyamba, ndipo pakati pa masiku awiriwa pakhoza kudutsa zaka. Mukadziwa kuti ali ndi ngongole ya sukulu, iwerengereni pamodzi ndi zofunika za pakhomo, chifukwa ndi imene inamufikitsa pamene ali.

Pa zisanu zimenezi, ziwiri zikufuna Nyumba ya Malamulo ndi Unduna, ndipo zidzatenga nthawi. Choyamba chija tikhoza kuchiyamba temu ino. Ndikupempha bungwe la ophunzira, mogwirizana ndi aphunzitsi athu a dipatimenti ya zamaphunziro ndi ofesi yoona za omaliza, kuti tikonze mafunso asanu aja, tiwatumize kwa magulu atatu amene anamaliza posachedwa, ndipo zotsatira zake tizisindikize m'magazini ino mwambo wa omaliza usanachitike. Ena a ife tikufuna mitu ya kafukufuku wa chaka chomaliza. Nawu mutu umene mayankho ake adzathandiza mng'ono wanu amene akudzaza fomu ya ngongole chaka chamawa. Manambalawo akadzatuluka abwino, tidzawanyadira ndipo adzakopa ophunzira. Akadzatuluka oipa, tidzakhala ndi chogwira m'manja popita kwa aphungu athu ndi ku Loans Board, m'malo mongong'ung'udza m'mahositelo.